KANYIMBO KA MALONDA SIKALODZA, KOMA KADZIWA NJIRA YA KU THUMBA LATHU

Tsiku la Sondo lapitali, titaturuka m'chalichi kuno ku Tamanda, tinakhala pamthunzi kuyembekezera msonkhano wa akulu a mpingo. Pafupi nafe panali ana a Sande Sukulu. Aphunzitsi ao anauza kamdzukulu kanga ka zaka zisanu kuti kanene vesi imene anaphunzira sabata yatha. Kamwanako kanangowerama, n'kuyamba kukumba dothi ndi cala ca kuphazi. Vesi yonse inali itathawa. Koma posakhalitsa panadutsa mnyamata pa njinga, wailesi ili pa hendulo, ndipo kamwana komweko kanayamba kuimba kanyimbo ka malonda a sopo kucokera poyamba mpaka pothera, osaphonya liu ngakhale limodzi.

Tonse tinaseka, koma amai ena a Cigwirizano sanaseke. Iwo anati: "Inu abambo mukuseka, koma tinyimbo timeneti si tabwino ai. Muli mau obisika mkati, amene khutu silimva koma mtima umamva. Ndico cifukwa cake ana athu akugwira za malonda n'kutaya za Mulungu." Abambo ena anavomereza, nati anamva kuti kumaiko a azungu kuli makina oika mauthenga obisika m'nyimbo ndi m'makanema kuti munthu agule cinthu cimene sanacifune.

Nkhani imeneyi yandikhala m'mutu sabata yonse, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndigaweko maganizo anga kwa inu alimi anzanga ndi Akhristu anzanga, makamaka pamene tikuganiza za mbeu ndi fataleza. Amai aja sanalakwe poopa. Moto ulipodi, koma suli kumene akuloza. Cimene cimatidyera ndalama si mau obisika amene sitimva. Ndi kanyimbo komweko kamene timamva poyera, m'mawa, masana ndi usiku, mpaka kukaimba tokha kumunda.

NKHANI YA MAU OBISIKA INAYAMBIRA KUTI?

Mantha awa ali ndi ciyambi cake, ndipo ciyambico ndi bodza. M'caka ca 1957, munthu wina wofufuza za malonda ku America, dzina lake James Vicary, anaitana atolankhani n'kuwauza kuti wapeza njira yatsopano yogulitsira zinthu. Anati m'nyumba ina yoonetsera makanema ku Fort Lee, m'cigawo ca New Jersey, anali kuthwanimitsa mau pa kanema ouza anthu kuti amwe Coca-Cola ndi kudya mbuliuli. Mauwo anali kuoneka mofulumira kwambiri kotero kuti diso silinali kuwagwira. Anati anacita izi kwa masabata asanu ndi imodzi pa anthu oposa 45,000, ndipo malonda a Coca-Cola anakwera ndi 18 pa 100, a mbuliuli ndi kuposa 50 pa 100.

Dziko linacita mantha. Manyuzipepa analemba kuti maganizo a munthu athyoledwa ngati nyumba, ndipo ku Britain macitidwe otere analetsedwa. Koma pamene ena anayesa kucita zomwezo, palibe cinacitika. Mu 1958 wailesi ya kanema ya boma la Canada inathwanimitsa mau ouza anthu kuti aimbe foni, nthawi 352 mkati mwa pologalamu imodzi. Mafoni sanacuruke. Oonerera atafunsidwa kuti aganize cimene cinabisidwa, mazana analemba makalata, koma panalibe amene analondola. Ambiri anati anamva njala kapena ludzu, cifukwa ndi zimene anawerengapo m'nyuzipepa za ku America. Pomaliza, mu 1962, Vicary mwini wake anavomera kwa magazini ya Advertising Age kuti analibe umboni wokwanira, ndi kuti nkhani yonseyo inali njira yokopera makasitomala ku bizinesi yake imene inali kugwa. Kuvomera kwakeko kunamveka kwa anthu ocepa. Bodza lija ndilo layenda zaka zoposa 60, mpaka lafika pamthunzi wa chalichi cathu.

Nanga za nyimbo zokhala ndi mau obisika? Nkhani imeneyo inafika ngakhale kukhoti. Mu 1990 ku Reno, m'cigawo ca Nevada, khoti linaweruza mlandu umene mabanja awiri anasumira gulu la oimba la Judas Priest, ponena kuti mau obisika m'nyimbo zao ndiwo anacititsa ana ao kudziombera ndi mfuti. Woweruza atamva akatswiri a mbali zonse, anagamula kuti panalibe umboni woti nyimbozo ndizo zinacititsa ngoziyo.

Kunena cilungamo, akatswiri apeza kuti kanthu kakang'ono kalipo. Mu 2006 ku Netherlands, Johan Karremans ndi anzake anathwanimitsa dzina la cakumwa cochedwa Lipton Ice pa kompyuta, mofulumira moti oonawo sanazindikire. Pambuyo pake ambiri anasankhadi cakumwaco, koma okhawo amene anali kale ndi ludzu. Amene analibe ludzu sanasunthike. Ndiye kuti mau obisika akhoza kukankha pang'ono munthu amene waima kale pakhomo, kwa kanthawi kocepa, m'cipinda coyeseramo zinthu. Sangamunyamule mlimi ku Tamanda kukamufikitsa ku Down Shops ku Chipata kuti akagule cimene sakucifuna.

CIMENE CIMAGWIRADI NCHITO

Tsono ngati si mau obisika, n'cifukwa ciani kamdzukulu kanga kanaiwala vesi n'kukumbukira sopo? Yankho lake ife a kuno tilidziwa kuposa azungu. Vesi anaimva kawiri kapena katatu, tsiku limodzi, yongolankhula. Kanyimbo ka sopo wakamva kambirimbiri, kali ndi ng'oma, ndipo mau ake amabwerera pamodzimodzi. Makolo athu anadziwa kalekale kuti mau oikidwa m'nyimbo saola. Ndico cifukwa cake anamkungwi amaphunzitsa mwambo wa cinamwali ndi nyimbo. Ndico cifukwa cake mai wodandaula ndi mwamuna wake anali kuimba pamtondo, kuti mudzi wonse umve ndi kusunga. Amishoni amene anafika ku Magwero mu 1899 anafalitsa ciphunzitso cambiri ndi nyimbo pakati pa anthu amene sanali kudziwa kuwerenga. Mpaka lero mudzapeza agogo amene aiwala maina a adzukulu ao, koma mukayambitsa nyimbo ya pamaliro, amaimba ndime zonse popanda buku.

Amalonda anangobwereka nzeru yomweyo. Kanyimbo kamene ambiri amati ndiko koyamba kutsatsa malonda pa wailesi kanaimbidwa mu 1926 ku Minneapolis ku America, kutamanda cakudya ca m'mawa cochedwa Wheaties. Kuno kwathu khomo linatseguka mu 1949, pamene kunabwera kawailesi kochipa ka mabatire konga poto, kamene anakacha Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready mopemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia. Kucokera nthawi imeneyo, mau a munthu amene sitimuona akhala akulowa m'nyumba zathu osagogoda. Lero ife a kufupi ndi malire timamva mawailesi a ku Chipata, a ku Lusaka ndi a ku Malawi komwe. Pamwamba pa izo pali foni ya m'thumba, ndi magalimoto a zimkuza mau amene amazungulira m'misika, ngakhale ku Nc'wala ku Mtenguleni ndi ku Kulamba ku Mkaika.

Mphamvu ya kanyimbo ili m'kubwereza, ndipo kubwereza kumacita zinthu ziwiri m'mutu mwa munthu. Coyamba, cinthu cimene wacizolowera umayamba kucikonda. Mu 1968 katswiri wina wa za maganizo a anthu, Robert Zajonc, anaonetsa ophunzira mau opanda tanthauzo ndi zilembo zacilendo zimene sanali kuzidziwa. Zina anawaonetsa kamodzi, zina kasanu, zina nthawi 25. Atawafunsa kuti aganize ngati tanthauzo lake ndi labwino kapena loipa, anasankha kuti zimene anaziona kawirikawiri ndizo zabwino. Sanaphunzire kanthu katsopano za izo. Anangozizolowera basi.

Caciwiri ndico coopsa kwambiri: cinthu cimene wacimva kawirikawiri cimayamba kumveka ngati coona. Mu 1977 akatswiri atatu, Lynn Hasher, David Goldstein ndi Thomas Toppino, anawerengera anthu ziganizo zosiyanasiyana, zina zoona zina zabodza, katatu, motalikirana masabata awiri. Ziganizo zimene zinabwerezedwa anthu anayamba kuzikhulupirira kwambiri, kaya zinali zoona kaya zabodza. Kodi si mmene miseche imayendera m'mudzi? Ukamva kwa munthu mmodzi umakana. Ukamva kwa wacitatu umayamba kunena kuti mwina zilipo, ngakhale atatu onsewo anamva kwa munthu mmodzi yemweyo. Kanyimbo ka malonda ndi mboni imodzi imene imabwera kukhoti kambirimbiri, ife n'kumawerenga ngati mboni zambiri.

Ndipo cobisika ceniceni cili apa: kanyimboko timakamva bwinobwino, koma nchito imene kakugwira mwa ife sitiiona. Mu 1997 akatswiri a pa yunivesite ya Leicester ku England, motsogozedwa ndi Adrian North, anayesa izi m'sitolo ina yaikulu. Pa shelefu panali vinyo wa ku France ndi wa ku Germany. Tsiku lina anali kuliza nyimbo za ku France, tsiku lotsatira za ku Germany. Masiku a nyimbo za ku France, pafupifupi mabotolo atatu pa anai alionse ogulidwa anali a ku France. Masiku a nyimbo za ku Germany zinatembenuka. Koma ogulawo atafunsidwa, ocepa cabe ndiwo anavomera kuti nyimbo inawathandiza kusankha. Ambiri anati anasankha okha.

Ifenso timatero. Koma tadzifunsani. Mukatuma mwana kukantini kukagula mankhwala otsukira mano, mumati akagule ciani? Colgate, ngakhale cimene adzabwera naco ndi ca kampani ina. Sopo wocapira wa phala timati Boom, polishi wa pansi timati Cobra. Alipo agogo amene mpaka lero amachula Celtel, pamene dzina limenelo linasintha kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Dzina likakhazikika m'mutu, limakhala ngati citsa ca mtengo wa mubanga: khasu limatha, ico cili pomwepo.

ZIMENE ZINANDIONEKERA INE

Sindikulemba ngati munthu wocenjera kuposa ena. Ine ndemwe ndinagwa m'mbuna imeneyi. Caka cina ndinalima malima anai a cimanga. Fataleza wa pansi ndinathira bwino, thumba limodzi la D Compound pa lima iliyonse monga mmene alangizi amanenera. Unatsala wa pamwamba, matumba anai a Urea. Nditalipira za sukulu za ana, ndalama inatsala ya matumba awiri okha.

Kuyambira nthawi yogulitsa mbeu caka cimeneco, kunali galimoto ya zimkuza mau imene inali kuzungulira m'misika, ikuliza kanyimbo kotamanda mankhwala ena a m'botolo opopera cimanga. Kanyimboko kanali kokoma, kovinika. Kanali kunena za cimanga cobiriwira ndi nkhokwe zodzaza. Sindinakhalepo pansi kuti ndikamvetsere, koma ndinadzipeza ndikukaimba popalasa njinga, ngakhale posenga. Tsiku limene ndinalowa m'sitolo ku Chipata ndi ndalama yanga yoperewera, mutu uli wolemera ndi nkhawa, dzina la botolo lija linangofika lokha pa lilime. Linamveka ngati dzina la mnzanga wakale amene wabwera kudzandiombola. Ndinagula thumba limodzi la Urea, ndalama yotsalayo n'kugula mabotolo.

Pofika February munda unali kulankhula wokha. Lima imene ndinathira Urea inali yobiriwira bii. Malima atatu a botolo anali acikasu, mapesi oonda ngati bango. Alangizi a zaulimi atabwera, anatenga botolo n'kulitembenuza, nandifunsa kuti: "Abambo, kodi munawerenga kumbuyo kuno?" Ndinali ndisanawerenge. Timalemba ting'onoting'ono ta m'Cingerezi tinali kunena kuti mankhwalawo ndi ongoonjezera pa fataleza, osati olowa m'malo mwake. Kenaka anandiwerengera masamu amene sindidzaiwala. Pa thumba la Urea pamalembedwa 46. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a cakudya cimene cimanga cimafuna kuti cibiriwire. Botolo la lita imodzi, pamodzi ndi madzi ake omwe, limangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Ngakhale likanakhala cakudya cokhacokha, likanafika pati?

Titakolola, amai a kunyumba anayang'ana nkhokwe, nandiyang'ana ine, nati: "Abambo, kodi ku Chipata kuja munagula fataleza kapena munagula nyimbo?" Ndinasowa poyankha. Caka cimeneco ufa unatha mu December, ndipo tinagulitsa mbuzi ziwiri kuti tifike ku zokolola zina.

Taonani bwino apa. Munalibe mau obisika m'kanyimbo kaja. Kunena zoona, sikananame ndi bodza loti n'kukasumira. Kanangochula dzina kambirimbiri, kanalonjeza zokoma, n'kukhala cete pa zimene ndinafunika kudziwa. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinalidya ndi manja anga. Onaninso nthawi imene kanandigwira. Monga anthu a ludzu a ku Netherlands aja, inenso ndinali ndi ludzu langa: ndalama yocepa, munda waukulu, ndi mtima wofuna njira yacidule. Amalonda amaidziwa kalendala yathu kuposa ife. Amadziwa mwezi umene mlimi walandira ndalama ya cimanga, soya, nshawa kapena fodya, ndi mwezi umene wapanikizika. Tinyimbo tao timacuruka pa nthawi zimenezo.

TISATAYE NKHWANGWA CIFUKWA YATITEMA

Wina adzati, ndiye tiletse malonda onse pa wailesi. Ine sindikugwirizana nazo. Wailesi yoima payokha monga Breeze FM, imene Mike Daka anayambitsa ku Chipata kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, imalipira magetsi ndi anchito ake ndi ndalama za otsatsa malonda ndi othandiza mapologalamu. Popanda iwo, zidziwitso za maliro, za ng'ombe zotayika ndi maphunziro a zaulimi tikanazimvera kuti? Wailesi ya kwathu kuno inafika pochuka ngakhale kunja, moti mu 2018 mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cambridge, Harri Englund, anatulutsa buku lonse lofotokoza za Gogo Breeze ndi mmene anali kulondolera madandaulo a omvera. Cimene cinapatsa mau amenewo mphamvu ndi cikhulupiriro ca anthu. Cikhulupiriro cimeneco ndico cuma ca wailesi iliyonse, ndipo eni mawailesi ayenera kucisamala posankha malonda amene alola kuti adutse pa mau ao.

Kutsatsa kwathandizanso pa zabwino. Mankhwala othira m'madzi akumwa a Clorin, amene bungwe la Society for Family Health linayamba kufalitsa mu 1998, anafika m'midzi cifukwa dzina lake linalengezedwa mpaka aliyense analidziwa. Masiku a katemera wa ana timawakumbukira mwa njira yomweyo. Ngakhale zithunzi za pa matumba a mbeu zili ndi phindu kwa wodziwa kuziwerenga. Kampani ya Seed Co imaika nyama pa matumba ake: nyani pa mbeu za nambala yoyamba ndi 4, zoca msanga kwambiri, mbidzi pa za 5, mkango pa za 6, njovu pa za 7, zimene zimabereka kwambiri koma zimafuna nyengo yaitali ya mvula. Cithunzico ndi uthenga weniweni, makamaka kwa amene sadziwa kuwerenga. Koma mlimi akasankha njovu cifukwa cakuti ndi nyama yaikulu yomveka bwino, pamene akubzala pambuyo pa Khirisimasi, mlandu si wa njovu ai.

Tisaiwalenso kuti kanyimbo si mfumu. Mu 2011 nyimbo ya Donchi Kubeba inamveka m'dziko lonse, ndipo cipani cimene inali kucitamanda cinapambana. Ambiri anati nyimbo ndiyo yavota. Koma mu 2021 nyimbo ya Alebwelelapo inamvekanso paliponse, ana ndi akulu anaivina, ndipo mwini wake wa nyimboyo anagonja ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni. Anthu anavina, koma m'kacipinda kovotera anafunsa mafunso ao. Ici cionetsa kuti nyimbo ikhoza kulowetsa dzina m'mutu, koma munthu akaima n'kuganiza, ulamuliro umakhala wake. Ndico cifukwa cake ndimakana ciphunzitso ca mau obisika. Cimatipangitsa kudziona ngati anthu olodzedwa, opanda cocita. Wolodzedwa amafuna sing'anga, koma wokopedwa amangofunika kufunsa.

NANGA TICITE CIANI?

Coyamba, kugula kuyambire kunyumba, osati m'sitolo. Khalani pansi bambo ndi mai, lembani papepala zimene munda ufuna, kucuruka kwake, ndi ndalama imene ilipo. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndikanapita ku Chipata ndi pepala lolembedwa ndi anthu awiri, sindikanabwera ndi mabotolo. Cimene sicili papepala cidikire mpaka mugone tulo kamodzi. Wogulitsa amene akuti mugule lero lomwe cifukwa mawa kulibe, akuopa kuti mukaganiza.

Caciwiri, dzina likabwera lokha pa lilime, dzifunseni kuti: kodi dzinali ndalidziwira kuti? Ndinaona m'munda wa mnzanga, kapena ndinangolimva? Ngati munangolimva, mudziwa dzina cabe, katunduyo simumudziwa. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Cacitatu, funsani mafunso amene kanyimbo sikayankha. Mbeu iyi imaca masiku angati? Imapirira ng'amba? Nanga matenda a masamba? Thumba lili ndi cizindikiro cosonyeza kuti mbeuyo inayesedwa ndi kuvomerezedwa ndi a Seed Control and Certification Institute a ku Chilanga? Inayesedwa liti? Zigawenga zimapaka utoto cimanga ca m'nkhokwe n'kucilonga m'matumba a maina ochuka, podziwa kuti dzina lochuka limatseka maso a wogula. Gulani kwa ogulitsa odziwika, landirani lisiti, ndipo sungani thumba ndi cizindikiro cake mpaka mbeu itamera. Tonse tikumbukira cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024, pamene pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga ataonongeka. Mvula ya masiku ano siipatsa mlimi mpata wolakwitsa kawiri.

Cacinai, khulupirirani maso kuposa makutu. Alangizi a zaulimi alipo m'madera mwathu, ndipo ku Msekera, pafupi ndi Chipata pomwepa, kuli malo a boma ofufuzira za mbeu. Pitani ku masiku oonetsa minda. Cinthu catsopano ciyeseni pa mizere yocepa caka coyamba, osati munda wonse. M'makopaletivi mwathu tiziuzana poyera zimene zatikanika. Ambiri timabisa cifukwa ca manyazi, ndipo manyazi athuwo ndiwo amagwetsa mnzathu m'mbuna yomweyo caka cotsatira.

Cacisanu, dziwani kuti lamulo lilipo. Lamulo la 2010 loteteza ogula limaletsa kunamiza anthu pa malonda, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission linakhazikitsidwa kuti lizilandira madandaulo otere. Za mankhwala a anthu ndi a ziweto zimayang'aniridwa ndi Zambia Medicines Regulatory Authority. Mukamva kanyimbo kotamanda mankhwala amodzi ocizira shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi msana nthawi imodzi, gwirani thumba lanu. Koposa zonse, musasiye mankhwala a kucipatala cifukwa ca nyimbo. Ndalama yotayika imapezekanso, koma moyo ndi madzi, ukatayika suoleka.

Kwa eni mawailesi ndi olemba tinyimbo ndikuti: luso lanu ndi labwino, ndipo enanu ndinu ana athu. Koma m'kanyimbo ka mbeu onjezanimo masiku amene imaca. M'kanyimbo ka ngongole chulanimo ciongoladzanja, momveka, m'Cinyanja, osati mothamanga ngati munthu wothawa galu. Ndipo ganizirani za tinyimbo ta njuga za pa foni, timene timachula opambana okhaokha. Mnyamata amene wataya ndalama ya soya wa atate ake pa kubecha mpira saimbidwa ndi aliyense.

Kwa ife a mumpingo, m'malo moopseza ana ndi nkhani za mau obisika, tiwaphunzitse kufunsa. Kanyimbo kakalira, funsani mwana kuti: ndani walipira kuti nyimboyi iimbidwe? Akufuna ticite ciani? Nanga ndi ciani cimene sananene? Mwana wa zaka khumi akhoza kuyankha mafunso amenewa, ndipo akazolowera adzakhala wogula wovuta kupusitsa. Tingaphunzirenso kwa amalondawo. Iwo satopa kubwereza. Ife timanena cinthu cabwino kamodzi pa Sondo, n'kumadabwa kuti pofika Lacitatu caiwalika.

Amai a Cigwirizano aja ndidzakumana nao Sondo likudzali, ndipo ndidzawauza zonsezi mwaulemu. Kamdzukulu kanga ndakapezera kale mankhwala. Agogo ake aakazi anatenga vesi ija n'kuiika m'maimbidwe a pamtondo, ndipo akhala akuimba nako madzulo alionse posenda nshawa. Dzulo ndinakamva kakuimba kokha kuseri kwa khola la mbuzi, ndime yonse, osaphonya. Sopo uja sikanamuiwale, koma tsopano ali ndi mnzake wopikisana naye.

Mukamapita kukagula zaulimi caka cino, nyimbo muisiye pakhomo pa sitolo, mulowe ndi pepala lanu.